Lisiti limodzi linatsala pang'ono kundigoneka kundende

Tsopano popeza mlandu watha ndipo galimoto yabwerera pakhomo, ngakhale kuti ineyo sindikuloledwa kugwira chiwongolero kufikira itakwana miyezi itatu, ndaona kuti ndi bwino ndilembe m'mene zinandiyendera, kuti wina amene angagwe m'dzenje lomweli adziwe zokonzekera. Sindikulemba kuti ndidziyeretse ayi. Ndinamwa mowa, ndinayendetsa galimoto, ndipo chilango chimene ndinalandira sindikuchitsutsa. Chimene chikundiwawabe mumtima ndi tsiku la chigamulo, pamene ndinatsala pang'ono kukwera galimoto ya kundende ndalama za chindapusa zili m'thumba mwa alamu anga, chifukwa choti panalibe buku lolembamo lisiti.

Linali Loweruka m'mwezi wa June, ndipo ndinkachokera ku madyerero a ukwati wa mwana wa mnzanga ku Chinamwali, kubwerera kwathu ku Sadzi. Ine ndinawerenga mabotolo anayi a Green, koma mayi a kunyumba, omwe anali atanyamuka kale masana ndi anzawo a kumpingo, amanena mpaka lero kuti munthu woledzera sadziwa kuwerenga. Ndikulowa m'tauni pamsewu wa M3, cha m'ma 8 koloko usiku, ndinapatukira kwambiri kumanzere pozemba minibasi yomwe inaima mwadzidzidzi, ndipo ndinagunda njinga ya kabaza imene inaimikidwa m'mbali mwa msewu. Mwini wake anali ataima chapatali akucheza ndi anzake, choncho palibe anavulala, koma gudumu lakumbuyo linapindika ngati mkombero wa lichero lakale. Anthu anandizungulira nthawi yomweyo, ndipo apolisi a pamsewu atafika sanafunikire kufunsa zambiri, poti fungo linali litandinenera kale.

Anandiuza kuti ndiuzire mpweya m'kachipangizo koyezera mowa kaja, kenaka anandionetsa nambala yomwe inatuluka n'kuilemba. Lamulo lathu la pamsewu, Road Traffic Act la 1997, limaika malire pa magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 alionse a magazi, ndipo ine ndinali nditadutsa malirewo. Munthu wina m'gulumo anandinong'oneza kuti, "Achikulire, ingowapatsani ya fanta, zithere pompano." Ndikuthokoza kuti ngakhale mutu unali wolemera sindinamumvere, chifukwa kupereka ziphuphu kwa wapolisi ndi mlandu wina pawokha, ndipo ukanakhala wachiwiri pamwamba pa woyambawo. Milandu ing'onoing'ono ya pamsewu yambiri imathera pa kulipira chindapusa kupolisi, koma wanga, popeza panaonongeka katundu wa munthu, anati upita kukhoti.

Za usiku wa m'chitokosi sindinena zambiri. Anandivula lamba ndi zingwe za nsapato, foni ndi chikwama anazilemba m'buku, ndipo amene akudziwa kuzizira kotsika m'phiri la Zomba mu June angathe kuganiza yekha m'mene simenti imamvekera pamsana mowa ukayamba kutha m'thupi. M'mawa wa Lamulungu anandilembetsa sitetimenti, ndipo apa ndikupemphani kuti muziwerenga zimene alembazo musanasaine, kapena muwapemphe akuwerengereni m'Chichewa. Yanga inali italembedwa kuti ndinagunda munthu wa kabaza m'malo mwa njinga ya kabaza, ndipo nditawaonetsa anakonza mosavuta, koma mukuona nokha kusiyana kwa ziganizo ziwirizo pamaso pa woweruza. Alamu anga anabwera ndi chiphaso chawo cha unzika kudzandiimira, ndipo ndinatuluka pa belo cha m'ma 11 koloko. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo ife sitinalipire kanthu. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 42, amati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera kunja kwa nthawi ya khoti, choncho wachibale wanu akamangidwa Lachisanu madzulo musazengereze kukapempha belo. Galimoto yokha inatsala kupolisi komweko.

Pa pepala la belo panalembedwa kuti ndikaonekere kukhoti Lachiwiri. Ndinapempha tchuthi kuntchito ponama kuti ndikupita kuchipatala, bodza limene linadzandivuta pambuyo pake, ndipo ndinafika 7:30 m'mawa nditavala jekete. Ndinakhala pa benchi kunja mpaka 3 koloko masana, ndikumvetsera maina a anthu ena akuitanidwa, osayerekeza ngakhale kupita kukagula chimanga chootcha kuopa kuti dzina langa lingatchulidwe ine kulibe n'kuoneka ngati ndathawa belo. Mapeto ake kalaliki anatuluka n'kundiuza kuti fayilo yanga sinafike, ndibwerenso Lachinayi la sabata yotsatira. Palibe amene anandiuza zimenezi m'mawa, ngakhale ndikukhulupirira kuti zinkadziwika kuyambira m'mawa momwemo. Tsiku lonse linapita choncho, ndipo panthawiyo ndinkaganiza kuti limeneli ndilo tsiku loipitsitsa la nkhani yonseyi.

Masiku odikirawo anandithandiza pa chinthu chimodzi. Ndinamufunafuna mwini njinga uja pa siteji yake, ndinamupepesa, ndinamugulira gudumu latsopano ndi kumulipira ndalama za masiku amene sanagwire ntchito, ndipo tinalemberana kalata pamaso pa tcheyamani wa siteji yawo, tonse atatu n'kusaina. Mnzanga wina wodziwa za malamulo ndiye anandilangiza zimenezi, ndipo anandiuzanso kuti ngati ndikudziwa kuti ndinalakwadi, ndi bwino kuvomera mlandu, chifukwa makhoti amaganizira munthu amene sanawatayitse nthawi komanso amene akupalamula koyamba. Ine sindinatenge loya. Amene mlandu wake ndi waukulu, makamaka ngati pavulala kapena pafa munthu, asachite zimene ndinachita inezi, koma apeze loya, ndipo ngati alibe ndalama apite ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi konkuno ku Zomba. Chimene mnzangayo anaiwala kundiuza, ndipo n'chimene ndikufuna kuti inu musaiwale, n'chakuti pa tsiku la chigamulo mupite ndi ndalama zogwirika m'manja, osati za m'foni kapena za kubanki, ndiponso mupite ndi wachibale amene angathe kukuyenderani.

Lachinayi lija mlandu wanga unaitanidwa cha m'ma 11 koloko, ndipo sunatenge ngakhale theka la ola. Woimira boma pamlanduwo, yemwe anali wapolisi, anawerenga mlandu m'Chingerezi, womasulira n'kuubwereza m'Chichewa, ndipo atandifunsa ngati ndikuvomera kapena ndikukana ndinati ndikuvomera. Anafotokoza m'mene zinachitikira, anapereka pepala la zotsatira za kachipangizo kaja, ndipo woweruza anandifunsa ngati zonsezo zinali zoona. Kenaka anati, "Muli ndi dandaulo lanji khoti lisanapereke chilango?" Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera n'kuyamba kukana zimene avomera kale. Ine ndinangonena kuti, "Bwana woweruza, ndi koyamba kupalamula, ndili ndi ana atatu a pasukulu ndi mayi anga okalamba amene amadalira ine, ndipo mwini njinga ndinamulipira," n'kupereka kalata ija. Woweruza anaiwerenga mwachifatse, anandidzudzula ndi mawu amene sindidzawaiwala onena za ana oyenda m'mbali mwa msewu womwewo, ndipo analamula kuti ndilipire chindapusa, chomwe chinali pafupifupi malipiro anga onse a pamwezi, kapena kulephera apo ndikakhale kundende miyezi isanu ndi umodzi ndikugwira ntchito yakalavulagaga. Anaimitsanso laisensi yanga kwa miyezi itatu, poti lamulo limapatsa khoti mphamvu imeneyo.

Mawu akuti "kulephera apo" ndinkawamva kawirikawiri pa wailesi, koma sindinkadziwa kuti amayamba kugwira ntchito mphindi yomweyo. Nditangotsika m'bokosi, wapolisi anandigwira pa mkono mwaulemu ndithu n'kunena kuti, "Bambo, tiyeni mukadikire uku mpaka tione lisiti." Belo yanga inali itatha, ndipo ndinali wolakwa amene sanalipire. Anandilowetsa m'kachipinda kosungiramo anthu oyembekezera kupita kundende, momwe munali anyamata ena asanu ndi awiri. Ndalama ndinali nazo, koma theka linali ku Mpamba ndipo theka linali kubanki, ndipo ku ofesi yolipirira anati akufuna ndalama zogwirika basi. Alamu anathamanga ndi foni yanga ndi khadi langa. Wothandizira wa Mpamba woyamba analibe ndalama zokwanira, wachiwiri anati netiweki yavuta, ndipo pa makina a kubanki panali mzere wa kumapeto kwa mwezi. Anabwerera 12:10, thukuta lili kamukamu, n'kupeza zenera lolipirira latsekedwa, eni ake apita ku nkhomaliro.

Mpaka pamenepa cholakwa chinali changa, ndipo ndikuvomera. Koma zenera lija litatsegulidwa cha m'ma 1:30, alamu anauzidwa kuti buku la malisiti latha, ndipo latsopano lili m'kabati yomwe kiyi wake ali ndi munthu amene watuluka pang'ono. Kodi ofesi imene ntchito yake yokhayo ndi kulandira ndalama za boma ingafike bwanji masana osadziwa kuti masamba a buku lake akutha? Alamu anapempha kuti alandire ndalamazo n'kulemba pa pepala wamba, ndipo anawakanira, zomwe ndikaganiza tsopano ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa ndalama ya boma yopanda lisiti la boma, lija timalitcha GR, ili ngati sinalipiridwe n'komwe. Koma panthawiyo ine ndinali kuseri kwa chitseko chachitsulo, ndikulankhula ndi alamu kudzera pa kabowo, iwo akundiuza kuti, "Alamu, limbani mtima, akuti akubwera," ola lililonse mawu omwewo. 2 koloko inakwana, 3 koloko inakwana. Mnyamata wina amene anagamulidwa zaka ziwiri pa mlandu woba mbuzi anayamba kundilangiza za moyo wa kundende, kuti jekete langalo ndilisamale chifukwa likandithandiza usiku, ndipo sankanena mwachipongwe ayi, ankandimvera chisoni ndithu.

Cha m'ma 3:30 galimoto ya kundende inafika n'kuima chafutambuyo pafupi ndi khomo. Tonse a ku Zomba timaidziwa ndende yaikulu ija, yomwe inamangidwa mu 1935, ndipo ine ndakhala ndikuidutsa zaka zambiri popita kuntchito osaiyang'ana kawiri. Anayamba kuitana maina ndi kumanga anthu unyolo awiriawiri. Dzina langa linali lachisanu pa pepalalo, ndipo wapolisi uja, yemwe anaona m'mene alamu ankavutikira tsiku lonse, analidumpha n'kunena kuti aliitana pomaliza. Mwini kiyi anatulukira nthawi ikuyandikira 4 koloko, osafulumira n'komwe, ndipo kulemba lisitilo sikunatenge mphindi zitatu. Maola anayi ndinakhala m'kachipinda kaja chifukwa cha ntchito ya mphindi zitatu. Akanachedwa pang'ono pokha ndikanakagona kundende, ndipo kutuluka kwake kukanafuna makalata ena ndi tsiku lina. N'chifukwa chake ndikubwereza kuti mupite ndi ndalama m'manja, kuti chigamulo chikangoperekedwa wachibale wanu akhale woyamba pa zenera nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Simungadziwiretu kuti chindapusa chikhala chingati, koma ndi bwino kunyamula zochuluka n'kubwerera nazo kusiyana ndi kupereweza.

Ndaiwala kunena za inshulansi. Ndinapita kukafunsa ngati angandithandize kukonzetsa bampala ndi nyali yomwe inasweka, ndipo anandionetsa mzere wa m'pangano lathu wonena kuti salipira ngozi yochitika woyendetsa ataledzera. Mzerewo unalipo kuyambira tsiku limene ndinasaina, kungoti sindinauwerengepo. Kuntchito nako bodza la kuchipatala lija linaululika, chifukwa Zomba ndi yaing'ono ndipo m'khoti mumalowa aliyense, kotero ndinayenera kukafotokoza kwa abwana anga zinthu zimene zikanakhala zopepuka ndikanazinena ndekha poyamba.

Galimoto tinakaitenga kupolisi tsiku lotsatira chigamulo, ndipo chinthu choyamba chimene apolisi anafunsa chinali lisiti lomwe lija, kenaka mapepala a inshulansi ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Inali itakhala padzuwa ndi pafumbi pafupifupi masabata awiri, batire litatha, moti tinachita kuikankha ndi anyamata awiri odutsa m'njira, alamu ali pa chiwongolero popeza ine laisensi ndinali nditaipereka kale. Lisitilo ndinalijambulitsa makope atatu tsiku lomwelo, limodzi lili m'galimoto, lina lili kwa alamu, ndipo lenilenilo mayi a kunyumba analiika m'chikwama chosungiramo masatifiketi a ana, chifukwa anandiuza kuti ndidzalionetsenso pokatenga laisensi miyezi itatuyo ikadzatha. Pakadali pano ndikupita kuntchito pa kabaza, ndipo Lamulungu amatiyendetsa kutchalitchi ndi alamu.