Katoni ya pansi pa bedi

Lachitatu. Ndasamba m'manja kawiri koma fungo la nguwi silikuchoka.

Mayi wina wa kuseri kwathu kuno anabwera ndi katoni ya mabuku 14 amene alongo ake anamutumizira pa basi kuchokera ku Johannesburg. "Abambo, tandionerani. Ndinabisa kuti ana asang'ambe." Kubisa kwake kunali pansi pa bedi, katoni itakhala pasimenti chiyambire Disembala. Nthawi ya dzinja simenti imatulutsa chinyezi, katoni imamwa, ndiye buku lapansi limamwanso. Chiswe chinalowera pangodya n'kudya atatu. Ana akanang'amba tsamba limodzi kapena awiri basi, koma zimenezi sindinawauze.

Tinayamba ndi kupatula. Ochita nguwi amafunika kutuluka panja, pamthunzi podutsa mphepo, n'kuwaimika chilili masamba atatambasuka, masiku awiri kapena atatu. Padzuwa ayi: chikuto chimapindika, guluu wa kumsana, komwe masamba amalumikizana, n'kuuma mpaka kuthetheka. Nguwi ikauma mumaisesa ndi kaburashi kofewa, kuchokera kumsana kupita kunja, mphuno mutatseka ndi kansalu. Nsalu yonyowa imangoipaka ponseponse. Buku lonyowa kwambiri mumaikamo mapepala oyera pakadutsa masamba 20 alionse, kumawasintha akamwa madzi, kenako kulipsinja ndi thabwa ndi njerwa ziwiri. Nyuzipepala ayi, imasiya inki. Buku limodzi linali la zithunzi, la masamba oterera aja, ndipo linauma litamatana. Limenelo ndiye latha, masamba otere amalekanitsidwa akadali onyowa.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi selotepi. Mabuku awiri anali atawakulunga nayo kumsana ngati bala. Selotepi imaoneka yothandiza lero, koma pakapita zaka imasanduka yachikasu, ulimbo wake umalowa m'pepala, iyo n'kugwa yokha kusiya banga losachoka. Chofunika ndi guluu woyera wa akalipentala, wosungunula ndi timadzi pang'ono, kupaka mopyapyala kumsana, n'kumatapo kansalu kathonje kopitirira masentimita 2 mbali zonse. Pakati pa chikuto ndi tsamba loyamba mumaikapo kapulasitiki kuti zisamatane, n'kupsinja usiku umodzi. Ena amamata ndi phala la ufa wachinangwa. Limagwira ndithu, koma ndiye mwaitana mphemvu ku phwando.

Kaya ndi m'mawa muja kaya masana, ndinawauzanso za shelefu: ikwere kuchoka pansi, isagunde khoma, patsale mpata wolowa dzanja. Ndipo mabukuwo azitsegulidwa. Chiswe chimakonda mdima ndi malo osagwedezeka, buku loyendayenda m'manja sichilipeza.

Iwo zonsezi ankangoti "eya, eya", maso ali pa buku limodzi lokha. Patsamba loyamba alongo awo analembapo mawu ndi bolopeni, mizere inayi. Chinyezi chinasungunula inki, chiswe n'kudya pamene panali deti. Latsala dzina ndi mawu awiri osamveka bwino. Akanalemba ndi pensulo bwenzi zikuwerengeka, pensulo siisungunuka ndi madzi, koma ndani amalemba mphatso ndi pensulo?

"Simungadutsemo ndi cholembera chanu, abambo, kuti zionekenso?"

Ndinati ndiganize kaye. Ndikadutsamo likhala dzanja langa, osati la alongo awo. Bukulo alisiya kuno, lili pansi pa njerwa pakhonde. Akuti abweranso Loweruka.