Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chikwama cha abambo m'manja mwanga

Ndinalekezera pamene abambo, amuna anga, anatuluka m'chipatala, sitiroko itawasokoneza mutu moti sankathanso kuwerengera ndalama. Tinabwerera kunyumba ku Leicester, ndipo mwezi usanathe tsiku la lendi linakwana.

Akaunti inali m'dzina lawo okha. Ndinapita nawo kubanki nditanyamula setifiketi ya ukwati wathu m'kathumba ka pulasitiki. Atawapatsa cholembera, analemba chilembo choyamba cha dzina lawo, dzanja n'kuima pomwepo. Anatembenuka n'kundiyang'ana ine. Tsiku limenelo ndinamva ndi makutu anga kuti ku England ukwati supatsa munthu mphamvu pa ndalama za mnzake, ngakhale mutakalamba limodzi.

Pali chikalata chotchedwa Lasting Power of Attorney, chomwe munthu amasaina nzeru zikadali bwino, kusankhiratu womuyendetsera zinthu. Ndinkachidziwa ndithu, popeza ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Koma ndikangoyambitsa nkhaniyo, abambo ankati, "Mayi, mukufuna kundiitanira tsoka?" Ine n'kusiya. Mpaka lero zimandiwawa kuti sindinaumirire.

Njira yotsala inali Court of Protection, khoti logwira ntchito pansi pa lamulo la Mental Capacity Act la 2005, kuti lindisankhe kukhala deputy, woyendetsa chuma cha munthu amene sangathenso kutero yekha. Dokotala anawayeza n'kudzaza fomu ya COP3 yotsimikizira kuti sangathenso kuyendetsa okha ndalama zawo, ine ndinasaina fomu ya COP4 kulonjeza kuti ndidzasamala chuma chawo. Pamafunika kudziwitsa anthu osachepera atatu owadziwa bwino, komanso mwini wakeyo. Ichi chomalizachi ndiye chinandilemera. Ndinakhala pamphepete pa bedi, ndinawagwira dzanja, n'kunena m'Chichewa pang'onopang'ono kuti, "Abambo, ndapempha akhoti kuti ndizikusungirani ndalama zanu. Ndi zanube." Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anapisa m'thumba la jekete, natulutsa chikwama chawo chakuda chija, chong'ambika m'kona, n'kuchiika pamiyendo panga.

Miyezi yodikira chigamulo ndinalipira lendi ndi mashifiti ausiku.

Chigamulo chitabwera ndinalipira bond, yomwe ili ngati inshuwalansi yoteteza chuma chawo, ndipo chaka chilichonse ndimapereka lipoti ku Office of the Public Guardian, ofesi ya boma yoyang'anira ma deputy. Ndalama zawo sizisakanikirana ndi zanga. Malisiti onse, ngakhale a sokosi, ndimaponya m'bokosi la nsapato pamwamba pa firiji. Lamulo limatinso ndiziwafunsa maganizo pa chilichonse chomwe angathe kusankha okha, ndipo pamenepa ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse. Malaya ndimawaonetsa awiri, amaloza okha.

Chovuta chinachokera kumudzi. Abambo ankatumiza ndalama ku Ntcheu osafunsa munthu, ndipo abale anazolowera. Tsiku lina mng'ono wawo anaimba pa WhatsApp kuti nyumba ikufunika malata. Ndinamufotokozera kuti timphatso ting'onoting'ono ta pa Khirisimasi n'totheka, koma ndalama zambiri chotere zimafuna chilolezo cha khoti. Anayankha kuti, "Alamu, ndiye chuma cha achimwene mwachikhalira?"

Sindinamuyankhe mokalipa. Kwa iye mkazi amene wagwira chikwama cha mwamuna wodwala ndi nkhani yomwe anaionapo ikutha moipa. Usiku womwewo ndinatsitsa bokosi lija, ndinajambula lipoti la chaka chonse tsamba ndi tsamba, n'kumutumizira. Malata ndinagula ndi malipiro anga mu Julaye.