Kasefa ka impso ndi zipata zake ziwiri

Pa phunziro la impso, nambala imene yandikanirira m'mutu ndi 60. M'timitsempha tochepetsetsa ta m'minofu kapena pakhungu, magazi amakankha makoma ndi mphamvu ya pakati pa 15 ndi 35 mmHg (muyeso womwe uja wa BP). Koma m'kasefa ka impso, kamene mabuku amakatcha glomerulus, mphamvuyo imafika pafupifupi 60, ndipo kuchokera polowera mpaka potulukira imangotsika pang'ono chabe.

Chinsinsi chake chili pa mmene kasefako kanaikidwira. Pafupifupi kwina konse m'thupi, magazi akachoka m'timitsempha tating'ono amalowa m'njira zotakasuka zobwerera kumtima. Mu impso si choncho. Kasefako kali pakati pa timitsempha tiwiri tokhala ndi minofu m'makoma mwake: kolowetsa magazi, ka afferent, ndi kotulutsa, ka efferent. Aliyense amene anathirirapo dimba ndi payipi amadziwa kuti ukaifinya pafupi ndi mpope, payipi yonse imalobodoka, koma ukaifinya kumapeto imafufuma n'kulimba. Ponse pawiri madzi odutsa achepa, koma mphamvu ya m'kati yapita kosiyana. Afferent ikathina, mphamvu m'kasefa imatsika. Efferent ikathina, mphamvuyo imakwera ngakhale magazi odutsa mu impso achepa.

Masamu ake ndi amene anandidabwitsa kwambiri. Mphamvu ya 60 ija imakankhira madzi kunja, koma madzi amene ali kale m'kathumba ka Bowman, kamene kamakuta kasefako n'kulandira madzi osefedwa, amakankha mobweza ndi 18, ndipo mapuloteni a m'magazi amakokera madzi m'kati ndi 32. Chotsala ndi 10 basi. Ndi 10 ameneyo, impso ziwirizi, iliyonse yokhala ndi ma glomerulus pafupifupi 1 miliyoni, zimasefa pamodzi malita 180 pa tsiku. Magazi akadutsa efferent mphamvu yawo imagwa mpaka cha pa 13, ndipo kugwa kumeneku n'kumene kumalola timitsempha totsatira kuyamwanso madziwo, mpaka mkodzo ungotsala lita imodzi ndi theka. Onjezani lamulo la Poiseuille, dokotala wa ku France wa m'zaka za m'ma 1840, loti njira ikachepa ndi theka m'mimba mwake, kukaniza kwake kumachuluka ka 16. Ndiye kuti kuthina kosaoneka n'komwe ndi maso kungathe kudya 10 yense uja.

Impso imadziteteza. BP yapakati ikamasinthasintha pakati pa 80 ndi 180, kusefa sikusintha kwenikweni, chifukwa afferent ikatambasulidwa imadzifinya yokha, komanso timaselo ta macula densa timayeza mchere wodutsa n'kuuza afferent kuti ithine kapena imasuke. Mchere ukachepa, maselo oyandikana nawo amatulutsa puloteni wotchedwa renin, amene Robert Tigerstedt ndi Per Bergman anamupeza mu 1898 ku Stockholm. Renin amabweretsa angiotensin II, yemwe amafinya kwambiri efferent. Mu 1934 Harry Goldblatt anapana mitsempha ya impso za agalu, BP yawo n'kukwera osatsikanso, umboni woti impso imene ikuona kuti magazi akuichepera imakweza BP ya thupi lonse.

Apa ndi pamene phunziroli linasiya kukhala la mayeso okha kwa ine. Taganizirani mayi wa BP amene amamwa mankhwala a enalapril ndi HCTZ (wokodzetsa) tsiku lililonse, ndiye watsegula m'mimba, madzi amuthera m'thupi. Impso zake zatsala ndi zodalira ziwiri: ma prostaglandin, timankhwala timene thupi limapanga lokha, akutsegula chipata cholowera, angiotensin II akupana chotulukira. Koma enalapril ntchito yake ndi kuchepetsa angiotensin II yemweyo, choncho chotulukira chili chotseguka. Mayiyo msana ukamuwawa n'kugula Brufen kapena Indocid pagolosale, ma prostaglandin nawo atsekeredwa, cholowera chathina. Mphamvu m'kasefa igwa, mkodzo uchepa, creatinine, zinyalala za m'magazi zimene impso imachotsa, akwera. Palibe mankhwala oipa pamenepa, ndipo n'zimene zimandisautsa mtima, chifukwa aliyense wa iwo anamwedwa pa chifukwa chomveka.

Ndisanamveke ngati ndikunyoza enalapril: kumasula efferent komweko ndi kumene kumapulumutsa impso za munthu wa shuga. Kwa iye mphamvu m'kasefa imakhala yokwera mopitirira, sefa imang'ambika pang'onopang'ono, mapuloteni n'kumatayikira mumkodzo kwa zaka asakumva kupweteka kulikonse. Kutsitsa mphamvuyo kumachedwetsa kuwonongeka. N'chifukwa chake creatinine akakwera pang'ono munthu atangoyamba mankhwalawa, osapitirira 30 peresenti, madokotala sawaimitsa, amangoyezanso magazi.

Kuno kwathu makina a boma a dialysis, osefa magazi impso zikalephera, ndi ochepa, ndipo odwala ambiri amadalira a ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje ulendowo ndi wautali. Ndiye ndikayamba kuona odwala kuwodi, wa BP aliyense wobwera akusanza kapena kutsegula m'mimba ndidzamufunsa kuti, "Amayi, kupatula mankhwala a kuchipatala, mwamwanso chiyani cha ululu, ndipo mwakodza kangati chiyambire dzulo?"