Kuchoka ku Bunda kukaphunzira uphunzitsi ku Zomba

Kuno ku chigwa cha Shire tilipo ambiri amene tinatenga digiri ya zaulimi, ya sayansi kapena ya zachuma, kenako n'kupezeka tagwira choko pa sekondale ya masana kapena ya pulaiveti ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Bangula. Yanga ndinaitenga ku Bunda, ndipo ndimaphunzitsa Agriculture ndi Biology. Phunzirolo ndinkalidziwa ndithu, koma pepala la uphunzitsi ndinalibe.

Anthu ngati ife njira yathu ndi University Certificate of Education, imene aliyense amangoti UCE. Ine ndinakaichita ku University of Malawi ku Zomba, kuja tinazolowera kukutchula kuti Chanco asanagawe yunivesite mu 2021. Amafuna munthu amene ali kale ndi digiri, ndipo m'digirimo mukhale phunziro lomwe limaphunzitsidwa ku sekondale. Biology sakubwerezeranso. Zimene umaphunzira ndi kaganizidwe ndi kakulidwe ka mwana, kakonzedwe ka sikimu (dongosolo la zophunzitsa za teremu yonse) ndi lesoni pulani, kafunsidwe ka mayeso, kenako TP, kumene ndi kukayeserera kuphunzitsa m'kalasi lenileni, pomwe alekichala amakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumalemba zonse zimene ukuchita.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi: uyambire pa zimene mwana akudziwa kale. Mwana wa ku Ngabu dothi la makande amalidziwa kuposa buku. Waona likung'aluka ming'alu yolowa dzanja nthawi ya chilimwe, waona likumata kumapazi mvula ikagwa, walimapo thonje ndi mapira ndi makolo ake. Tsopano ndikafika pa mutu wa mitundu ya dothi, ndimawatuma abwere ndi makande komanso mchenga wa kumtsinje. Timathira m'mabotolo odula pakati, n'kuthiramo madzi ofanana, iwo okha n'kuona dothi losunga madzi ndi lotaya msanga. Amayamba kufotokozerana m'Chisena kapena m'Chimang'anja, ndipo ndimawasiya atero, chifukwa mfundo ikalowa, mawu a Chingerezi amene MANEB idzafune pa MSCE savutanso kuwagwira. Mtsikana wina wa Fomu 3 amene sankayankhula konse m'kalasi ndiye anatsogolera gulu lake tsiku limenelo.

Zina za kuno sumazipeza m'manotsi a ku Zomba, koma maphunzirowo amakupatsa nzeru yoziganizira. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye mutu wovuta ndimaupempha ukhale wa m'mawa. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, sukulu zinatsekedwa ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pobwerera panafunika kuikonzanso sikimu, kusankha zoyamba ndi zimene zingadikire, osati kungothamangitsa silabasi ana akutsalira m'mbuyo.

Pepalali lilinso ndi ntchito ina. Lamulo la maphunziro la 2013 linakhazikitsa Teachers Council of Malawi, bungwe lolembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, ndipo maphunziro a uphunzitsi ndi amene amayang'ana. Ndimalakalaka anzanga obadwira kuno atakhala oyamba kutenga pepala la UCE limeneli, pakuti ife kutenthaku tinakulira momwemo, sitikhalira kupempha transifa.

Ngati mukuganizako, konzeranitu transikiripiti ndi satifiketi ya digiri, ndipo muziyang'ana zolengeza za yunivesite m'nyuzipepala ndi pa intaneti. Yambani kusunga ya fizi ndi ya thiransipoti yokwerera Thabwa. Ahedi anu muwauze nthawi ikadalipo, kuti makalasi anu a mayeso apeze wowagwirizira inu muli ku Zomba.