Sikelo ya pa Mponela

Kalata yondiuza kuti ndasankhidwa kukagwira ntchito yodzipereka ku Germany kwa miyezi 12 inabwera ndi malangizo ambiri, koma amene ndinawaloweza pamtima anali okhudza katundu: zikwama ziwiri, chilichonse chosapitirira makilogalamu 23, ndiponso kachikwama kolowa nako m'ndege. Ndinkapita kukathandiza pa nyumba yosamalira okalamba mumzinda wa Kassel, kopanda malipiro kupatula kandalama ka sopo. Malume atamva zimenezi anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti ngati mtima wogwira ntchito yaulere ndinali nawo, n'chifukwa chiyani sindinkauonetsa m'munda mwawo nthawi yopalira.

Amayi sanatsutse za ulendowo, koma analumbira kuti mwana wawo sakafa ndi njala m'dziko la eni. Anakonola chimanga, n'kunyika mphale, n'kukagayitsa ufa woyera wokwanira pa maliro a mfumu. Anaonjezapo mpunga wa Kilombero, chiponde, mfutso, mthiko ndi chipande. Ndinalakwitsa powauza kuti malamulo a ku Ulaya amaletsa kulowa ndi nyama kapena mkaka koma amalola nsomba zouma mpaka makilogalamu 20, chifukwa iwo anamva ngati munthu amene wabwera ndi zochepera pamenepo amabwezedwa, ndipo mawa lake m'nyumba monse munkanunkhira usipa. Inenso ndinali nditapita ku msika wa Tsoka ku Lilongwe, kumene ndinasankha pa kaunjika majekete awiri olemera ngati bulangete lonyowa, majuzi atatu, chipewa chaubweya ndi nsapato za jombo.

Vuto linali loti panyumba panalibe sikelo. Mlongo wanga ndiye anapereka nzeru yoti tikayeze kwa venda wina wa pa Mponela, amene Amayi akhala akumugulitsa soya ndi mtedza kwa zaka zambiri. Tinakweza zikwama pa njinga za kabaza. Mkuluyo anatilandira ndi ulemu waukulu, anazimanga ndi chingwe, n'kuzikoleka pa sikelo yake yolendewera pamtengo, ndipo singano inaima pa 22 pa chikwama choyamba, n'kuimanso pa 22 pa chachiwiri. Ndikukumbukira kuti anakanda m'mutu n'kunena chapansipansi kuti, “Achimwene, mwina muchotseko pang'ono, masikelo amasiyana.” Ine ndinaganiza kuti ndi nsanje chabe. Amayi, poona kuti malo atsalako, anasokereramo botolo lina la chiponde.

Tinanyamuka mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Minibasi imene tinachita hayala inadzaza ndi abale, amayi a mvano anayi, komanso Agogo, amene ananena kuti sangafe asanaone ndege ikutera pansi. Tinaimba nyimbo msewu wonse wa M1 mpaka kukhota pa Lumbadzi, ndipo pofika pa bwalo la ndege la Kamuzu tinapemphera, ena anayamba kulira, ine n'kulowa pamzere ndikuyenda ngati munthu wozolowera.

Mayi wolandira katundu anandiuza kuti ndiike chikwama pa sikelo, ndipo manambala ofiira anaonetsa 28. Ndinamwetulira n'kumufotokozera mwaulemu kuti makina akewo ayenera kuti awonongeka, popeza chikwamacho chinayezedwa kale. Anandifunsa kuti chinayezedwa kuti. Nditayankha kuti kwa venda wogula mbewu, bambo wina wa suti amene anali kumbuyo kwanga anaseka mpaka kugwira m'mawondo, ndipo ngakhale mayiyo analuma mlomo. Chachiwiri chinakwana 27. Anandiuza kuti ndisankhe pakati pa kulipira ndalama yoonjezera, imene itatchulidwa m'makwacha ndinamva chizungulire, ndi kuchotsa makilogalamu 9.

Ndinakokera zikwamazo pakona pamene panali abale anga, n'kugwada pansi anthu onse akuona. Chilichonse chimene ndinkatulutsa, Amayi ankachibwezeramo. Ufa anati sungatsale chifukwa ndi moyo, usipa sungatsale chifukwa nsima siyenda yokha, ndipo mthiko sungatsale chifukwa sanamvepo kuti azungu amasema mithiko. Pokanganirana jumbo ya ufa inabooka, ndipo buluku langa lakuda, limene ndinalisita kawiri m'mawa umenewo, linaoneka ngati ndagona m'chigayo. Apa m'pamene Malume analankhula ngati mwini mbumba.

“Mphwanga, kodi munthu amamuyezanso pa sikeloyo?”

Ndinati ayi.

“Ndiye vala.”

Ndinavala majuzi atatu, pamwamba pake majekete awiri, jombo kumapazi ndi chipewa chaubweya kumutu, moti manja anga anatambasuka okha ngati chiwopsezo cha m'munda wa mpunga. Thukuta linkatsika kumsana mpaka kulowa mu jombomo. Mpunga ndi botolo limodzi la chiponde ndinasiyira mlongo wanga, amene sanaonetse chisoni chilichonse. Agogo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati ku Germany kwayamba kale kuzizira. Pa chipata chofufuzira anthu anandivula zonsezo chimodzichimodzi, ndipo nditadutsa ndinazivalanso chimodzichimodzi, mzere wonse ukundidikira.

Komabe chimene chinandipweteka si thukutalo. Ndisanalowe mkati ndinatembenuka kuti nditsanzike Amayi, ndikuyembekezera misozi ya mayi amene mwana wake akupita kutali kwa chaka chathunthu, koma ndinawapeza ali duu, akuwerenga zala, milomo ikugwedera. Anandifunsa kuti, “Iwe, pa Mponela paja zinali 22, eti? Ndiye pano akuti 28?” Nditavomera, anatembenukira kwa Malume n'kuyamba kuwerengetsa matumba a soya amene anagulitsa chaka chino, chaka chatha ndi chaka chinacho. Ndinakweza dzanja movutikira chifukwa cha majekete aja, koma amene anandibayibitsa anali Agogo okha.

Ndinadutsa ku Addis Ababa usiku ndikununkha usipa, n'kutera ku Frankfurt m'mawa. Nditafika ku Kassel ndinaimba foni kunyumba kuti ndiwauze kuti ndayenda bwino. Amayi anayankha kuti athokoza Mulungu, kenaka anandiuza kuti ndiwatumizire chithunzi cha timapepala timene anamata pa zikwama zanga pabwalo la ndege, ngati manambala aja analembedwapo, chifukwa iwo ndi amayi a mvano aja anali atapangana kale zokaonana ndi venda uja Lachisanu.