Kuwerenga njerwa za nyumba ya ku Lundazi

Ndakhala ndikupanga tinyumba tofanizira nyumba zakale za kuno kummawa kwa Zambia kwa zaka zingapo, koma palibe imene inandivuta ngati Castle Hotel ya ku Lundazi. Nyumbayi inamangidwa ndi Errol Button, amene anali DC, ndiye kuti bwanamkubwa wa bomalo, kuyambira mu 1948, ndipo anaimanga ndi njerwa zootcha motengera nyumba za mafumu akale a ku Ulaya, yokhala ndi nsanja zozungulira ndiponso mano pamwamba pa zipupa. Ili m'mphepete mwa damu, ndipo mlendo amene akuiona koyamba amadabwa kuti chinthu chotere chinafika bwanji pakati pa Atumbuka ndi Achewa.

Muyeso umene ndimatsata ndi wa 1:50, kutanthauza kuti masentimita 2 pa kanyumba kanga amaimira mita imodzi pa nyumba yeniyeniyo. Zitseko ndi mawindo apansi ndinaziyeza ndi tepi, koma pamwamba pa nsanja sindikanafikapo. Mmisiri wina womanga nyumba ndiye anandiphunzitsa nzeru yake. Ndinayeza mizere khumi ya njerwa pamene dzanja limafika, kenaka ndinajambula chipupa chonse ndi foni, n'kukawerenga mizere yotsalayo pa chithunzi nditabwerera ku Chipata. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa maso, komabe ndi imene inandionetsa kuti njerwazo sizofanana kukula, ndipo pena womanga ankachulutsa matope kuti mzere uwongoke. Mabuku amatchula dzina la bwana, koma manja a anthu akumudzi amene anaumba ndi kuyala njerwazo amaoneka pachipupa pomwepo.

Nsanja yoyamba ndinaiumba ndi dothi la pachulu, ndipo chifukwa cha phuma ndinaiyanika padzuwa la mu Okutobala, inang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mayi anga, amene anakulira pakati pa oumba mbiya, anangoseka n'kundiuza kuti dongo limauma pamthunzi. Ndinasintha njira. Tsopano mkati ndimaikamo katoni yopindidwa, kunja ndimamata utuchi wosefa wosakaniza ndi guluu wa matabwa, ndipo usanaumitsitse ndimalemba njerwa imodziimodzi ndi nsonga ya singano. Utoto ndimaupeza popera zidutswa za njerwa yeniyeni, chifukwa penti ya m'sitolo imawala kwambiri moti nyumba imaoneka ngati yamangidwa dzulo.

Nditakaonetsa kanyumbaka pa chionetsero cha zaulimi muno mu Chipata, ana ambiri ankafuna kungokagwira, ndipo mnyamata wina wopanga magalimoto a mawaya anandifunsa mafunso anzeru kuposa akuluakulu onse, makamaka za mmene ndinapindira katoni popanda kuithyola. Madzulo kunabwera agogo ena a ku Lundazi, amene anawerama n'kuyang'anitsitsa kwa nthawi yaitali osalankhula kanthu.

"Mwana wanga, nyumbayi mwaitha, koma madzi mwawasiya kuti?" anandifunsa motero.

Ndinayankha kuti ndinkafuna kuonetsa nyumba yokha. Iwo anapukusa mutu n'kunena kuti munthu wa ku Lundazi akaikumbukira nyumba imeneyi amaiona pamodzi ndi damu lake. Thabwa limene ndinakhazikapo kanyumbako linali litatha kale m'mbali zonse, motero sabata yatha ndinapita kwa kalipentala kukadulitsa lina lalikulu, ndipo galasi loti likhale madzi ndikulifunafunabe m'masitolo a ku Down Shops muno mu Chipata.