Buku lobwereka pa foni limayendera akaunti ndi tsiku

Munthu akafika pa tebulo la laibulale n'kunena kuti buku lake lakana kutseguka, musathamangire kumulanda foni. Yambani mwamufunsa kumene analitenga. Kaya muli ku Harare City Library ku Rotten Row kapena ku laibulale ya ku Highfield, yankho lake ndi limene limakulozerani kofufuza, chifukwa mabuku a pa foni ali m'magulu awiri ndipo matenda ake safanana.

Gulu loyamba ndi la mabuku otengeratu. Project Gutenberg, yomwe inayamba mu 1971, ili ndi mabuku akale oposa 70,000 ndipo safuna akaunti. OpenStax ili ndi mabuku aulere a sayansi, masamu ndi zachuma a ku koleji. African Storybook ili ndi nthano za ana m'zilankhulo zambiri za mu Africa muno, ndipo pofufuza zathu yesani dzina la Chichewa komanso la Nyanja. Amenewa ukakopera ndi ako, sabwezedwa. Akavuta, kawirikawiri ndiye kuti fayilo inadukira panjira kapena foni ilibe pulogalamu yowerengera.

Gulu lachiwiri ndi la mabuku obwereka, ndipo ndi limene limatidyera nthawi. Laibulale sigula fayilo, imagula chilolezo kwa wosindikiza, ndipo nthawi zambiri chilolezo chimodzi chimalola wowerenga mmodzi pa nthawi imodzi. N'chifukwa chake pamakhala mzere ngakhale bukulo si lapepala. Ambiri amaganiza kuti ogwira ntchito akungowamana dala, choncho afotokozereni asanakwiye. Fayiloyo imakhala yokhoma, ndipo loko wake amayang'ana zinthu ziwiri: akaunti ya amene anabwereka, ndi tsiku limene foni ikuonetsa.

Ena amabwera atamva za Libby kwa abale awo a ku UK kapena ku America. Libby ndi pulogalamu ya kampani ya OverDrive, ndipo payokha ilibe buku n'limodzi lomwe. Imagwira ntchito pokhapokha munthu akhale ndi khadi la laibulale yomwe imalipira ku kampaniyo. Onani kaye khadilo musanamuwonongetse data. Ngati lili loyenera, alowetse nambala ya khadi, ndi PIN ngati akufunsa, apeze buku, adine Borrow. Amapatsidwa masiku 7, 14 kapena 21 malinga ndi laibulale yake, ndipo akatha buku limabwerera lokha popanda chindapusa. Batani lowonjezera masiku limaoneka kutatsala masiku 3, koma limakana ngati wina ali pamzere. Wodikira naye nthawi yake ikakwana amakhala ndi masiku 3 oti alitenge. Amene akadali ndi pulogalamu yakale ya OverDrive aichotse, kampaniyo inaisiya mu 2023. Kutumiza buku la Libby ku Kindle, makina owerengera mabuku a kampani ya Amazon, kumatheka ndi makhadi a malaibulale a ku America okha, ndiye musavutike nazo.

Amene alibe khadi lotero angathe kutsegula akaunti yaulere pa Open Library, ya Internet Archive, pogwiritsa ntchito imelo. Mabuku ambiri kumeneko amabwereketsa kwa ola limodzi, kuwerengera pa intaneti pomwepo, ndipo masamba ake ndi zithunzi za buku lapepala, motero amadya data. Mabuku ochuluka anasiya kubwereketsa bungweli litaluza mlandu ndi makampani osindikiza ku America mu 2023, n'kuluzanso apilo mu 2024. Batani lobwerekera likasowa, foni ilibe mlandu.

Chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira bwino ndi kafayilo kothera ndi .acsm, kamene kamatsika munthu akamakopera mabuku ena obwereka. Kamakhala kakang'ono zedi, sikakwana ndi makilobaiti ochepa omwe, ndipo munthu amati buku latsika lopanda kanthu. Si buku ayi, kali ngati tikiti yokatengera katundu. Muyenera kukatsegula ndi pulogalamu yodziwa loko wa Adobe, monga Adobe Digital Editions pa kompyuta, intaneti ili yoyaka, ndipo pulogalamuyo ndi imene imakoka buku lenileni. Katseguleni nthawi yomweyo, chifukwa kakakhalitsa kamatha mphamvu ndipo mumafunika kukakoperanso. Chofunika kwambiri n'chakuti munthu alowe kaye ndi akaunti yake ya pulogalamuyo asanakatsegule. Akatsegula popanda akaunti, bukulo limamangirira pa makina amenewo basi, ndipo akayesa kwina amalandira uthenga woti wina analitenga kale. Akaunti imodzi imalola makina 6. Musalole munthu kulowetsa yake pa kompyuta ya aliyense ya mu laibulale: awononga malo amodzi pa 6 aja, ndipo wokhala pambuyo pake apeza mabuku ake.

Tsiku la pa foni lili ndi nkhani yakeyake kuno kwathu. Magetsi a ZESA akathima nthawi yaitali, mafoni ena ndi makompyuta akale amazimiratu, ndipo poyaka amabwerera ku chaka chakale. Loko uja akaona tsiku losagwirizana ndi chilolezo amakana, nthawi zina n'kulemba kuti pempho latha nthawi. Lowani mu Settings, pa Date and time, yatsani zoti foni izitenga yokha nthawi ku netiweki, ndipo onani kuti ili pa nthawi ya Harare, GMT+2. Mphindi imodzi yakwana. Anyamata ena amabweza tsiku m'mbuyo dala kuti buku lisathe msanga, ndipo mawa lake amadabwa kuti masamba ena a pa intaneti akukana kutseguka.

Kenako data. Munthu amanenetsa kuti ali nayo, pomwe anagula bandulo ya WhatsApp yokha ya Econet kapena NetOne, yomwe siingatsegule laibulale iliyonse. Mufunseni kuti anagula iti. Buku la nkhani la mtundu wa fayilo wotchedwa EPUB nthawi zambiri silipitirira mamegabaiti 5, PDF yojambulidwa imatha kudutsa 50, ndipo buku lomvetsera la maola 10 limafika mazana angapo. Zikuluzikuluzo akopere pa Wi-Fi. Foni ikati malo adzaza, kawirikawiri ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp. Muonetseni pamene ali, koma afufute yekha. Mungafufute vidiyo ya ukwati wa mwana wake.

Pa akaunti m'pamene anthu amataya zambiri. Ambiri imelo ya pa foni yawo anawatsegulira ndi wogulitsa foni m'tauni kapena mdzukulu, ndipo pasiwedi saidziwa. Foni ikatayika, mndandanda wa mabuku ndi malo ake pamzere zimapita nayo. Muthandizeni kutsegula imelo yakeyake, aikepo nambala yake ya foni yobwezeretsera akaunti, ndipo pasiwedi alembe yekha inu mukuyang'ana kumbali. Kuilemba m'kabuku kosunga kunyumba si kulakwa, n'kwabwino kuposa kuiwala.

Kwa achikulire, sankhani EPUB nthawi zonse ngati ilipo. Zilembo zake zimakula ndipo mizere imadzikonza yokha kuti ikwane pa sikirini, pomwe PDF ukaikulitsa umangokokera tsamba uku ndi uku. "Agogo, dinani apa pali Aa, musankhe kukula kumene maso anu akufuna." Adine okha kawiri kapena katatu, chifukwa kunyumba inu kulibe.

Ana asukulu amabweranso ndi mabuku a mayeso a ZIMSEC olandira pa WhatsApp. Ambiri mwa amenewo anakopedwa popanda chilolezo cha eni ake, ndipo laibulale isathandize kuwafalitsa. Fayilo iliyonse yothera ndi .apk si buku, ndi pulogalamu, ndipo ina imabera anthu zinsinsi. Isatsegulidwe.

Munthu asananyamuke, muuzeni azimitse Wi-Fi ndi data, kenako atsegule bukulo n'kupita ku mutu wa kumapeto. Ukatseguka, ndiye kuti lonse lili mu foni ndipo akawerenga ngakhale m'kombi yopita ku Mabvuku. Ukakana, ndiye kuti amangoliwerengera pa intaneti, adine batani lokopera adakali pa Wi-Fi ya laibulale.